Wakuba Ali M'kontena, Kiyi Wathyoka

3 Okutobala

Achemwali,

Muli bwanji kumeneko, inu ndi nkhalamba zanu ziwirizo? Ine kuno kutauni ndili bwino, kungoti andibwezera kusukulu mokakamiza. Taonani ndagwira cholembera, chinthu chimene chinandithamangitsa m'kalasi. Musaseke malembawa, dzanja langa linazolowera chitsulo.

Nkhani yake n'njakuti foni andibera. Lachiwiri m'minibasi, ndinakhala pakati pa mayi wina wa dengu ndi bambo wa tayi. Ine maso onse pa wa denguyo, osadziwa kuti wa tayi uja ali pantchito m'thumba mwanga. Ndiye mukaimba n'kuyankha munthu wa mawu aulemu, dziwani kuti si ine.

Akuba ine ndatopa nawo. Atandipatsa mpando wa sabata imodzi yokha, ndingaimike tebulo pakati pa msika, pambali pake gilayinda ya kuntchito yodulira zitsulo ija. Waba foni, chala. Waba njinga, dzanja. Wamenya munthu pakuba, ameneyo tayala ndi machesi basi, za khoti n'zotaya nthawi. Kundende amangokanenepa ndi nyemba zaulere. Abwana anga pa shopu yowotcherera pano akuti ndimayankhula ngati wailesi yothyoka batani, koma ndikunama?

Nanga chitseko changa chikuyenda bwanji pa kontena ya Abambo? Muwauze asiye kudandaula kuti n'cholemera, golosale imafuna chitseko chotero. Mahinji ndinawabisa mkati, loko ndinamuika m'bokosi lachitsulo. Wakuba akafika pamenepo angovula chipewa n'kubwerera kwawo. Kawindo kogulitsira kaja mabagala ndinawathinitsa dala, kuti pazidutsa sopo ndi shuga, osati mutu wa munthu.

Makalata muzipatsira kondakitala wamfupi wa basi yam'mawa uja, amadutsa pa shopu pathu. Mukakhala ndi kangachepe muikemo ndigule foni ina. Mukati mulibe ndidziwa kuti mwagulanso wigi.

Ndine chitsiriza wanu, wokongola kuposa nonse.


4 Okutobala

Chitsiriza,

Moni wautali ndilibe. Kalata yako yandipeza ku kachipatala kathu kano ndipo sindinaseke.

Abambo avulazidwa lero m'mawa. Amatsegula kontena monga mwa masiku onse, munthu anawadzera kumbuyo n'kuwamenya ndi chitsulo m'mutu. Ine ndimabwera ndi tiyi wawo. Ndinawapeza ali pansi, chitseko chotsegula, munthuyo ali mkati akusakasaka kachitini ka ndalama. Mphamvu sindikudziwa ndinazitenga kuti. Ndinakankha chitseko chako chija, iye akuti atuluke, chinamupana dzanja mpaka ndinamva fupa. Anakuwa n'kulibweza mkati. Ndinakhoma. Potembenuza kachiwiri kiyi anathyokera m'loko.

Ndiye wakubayo ali mkatimo mpaka pano. Foni yathu ilinso momwemo pa shelefu, batire linatha.

Abambo sakuyankhula. Maso akutsegula koma sakutizindikira. Adokotala akuti tidikire.

Msika wonse unasonkhana. Wabucha ndi anyamata a njinga zamoto anabwera ndi nyundo, amenya chitseko mpaka manja kutupa, changochoka penti. Wokhoma zidebe wathyolapo masowo ake onse. Apolisi anabwera awiri wapansi, anasuzumira pa kawindo, anamufunsa dzina, kenako akuti galimoto yawo ili kugalaja, komanso chitolokosi cholimba chonchi iwowo alibe. Akuti tikatsegula tiwaitane.

Madzulo ano kalata yako ndawerengera anthu pa kontena pomwepo, paja unalemba za tayala ndi machesi. Anawomba m'manja. Wabucha akuti pakhomo pathu pali mwamuna mmodzi yekha ndipo ndiwe.

Bwera ndi makina ako odulira. Magetsi kuno ukudziwa kuti kulibe, ubwere ndi jenereta. Ndikufuna munthu ameneyu ndimuone ali panja, ndimuone nkhope bwinobwino, kenako amuchite zimene unanenazo.

Mlongo wako.


5 Okutobala

Achemwali,

Kalata yanu ndayamba kuwerenga nditaimirira, ndamaliza ndili pansi. Abambo adzuka bwanji lero? Muziwayankhula ngakhale sakuyankha. Muwauze kuti chitsiriza akuti adzuke, sanamalize kundikalipira za sukulu.

Koma inu Achemwali, ine ndimakuyesani munthu wa kwaya chabe, kani ndinu msampha. Ndipo chitseko mwachiona? Ndinanena ine. Galu ameneyo musamupatse ngakhale dontho la madzi. Dzuwa la mwezi uno limuphike m'chitinimo, ine ndikafika ndidzangopakula.

Vuto ndi ili. Ndapempha abwana gilayinda ndi jenereta, akuti mpaka timalize mawindo a sukulu ina yake, eni ake akuwafuna Lachitatu. Ndawauza kuti bambo anga ali gone kuchipatala, akuti pepa, koma mawindo alibe bambo. Ndiye ndifika Lachinayi. Ndikanabwera lero lomwe chimanjamanja, koma chitseko chimenecho sindingachilume ndi mano.

Pa shopu pano nkhani ndi yomweyi basi. Abwana akuti ndisamatukwane kwambiri akuba, chifukwa popanda iwo mabagala angagule ndani? Akuti ana awo akuphunzira ndi mantha a anthu. Madala wopaka penti, amene anakhalako kundende ali mnyamata, akuti zonenepa ndinalembazo n'zamabodza, iye anatulukako mano osakwana. Akuti analowa ataba nkhuku, anatuluka akudziwa kutsegula galimoto ya eni. Ndamufunsa kuti ndiye tiziwatani anthu amenewa, tiziwapatsa maluwa? Wangoti, "Sindikudziwa mwana wanga, tandipatsa bulashi."

Komanso bwanji munawerengera anthu kalata yanga? Ija inali yanu. Osati kuti ndabweza mawu, ayi. Kungoti kuwomberedwa m'manja ndi Wabucha sikukundikomera, munthu amene sikelo yake tonse timaidziwa. Tikayamba kudula zala za akuba, iyeyo nyama azidula ndi chigongono.

Chitsiriza.


7 Okutobala

Chitsiriza,

Tadzuka, kaya iwe. Abambo chimodzimodzi. Dzulo anagwira chala cha Amayi, adokotala akuti mwina ndi chizindikiro, mwina si kanthu.

Za madzi unalembazo zafika mochedwa. Amayi anamupatsa tsiku loyamba lomwe. Ndinawakalipira, akuti safuna mtembo pakati pa shuga wawo. Tsopano tamva zimene zikuchitika kuno, mwina iwe uzimvetsa, ine mutu waima.

Katundu yense ali mkati, ndipo kuchipatala kukufunika mankhwala ogula. Ndiye Loweruka Amayi anakaima pa kawindo n'kumuuza kuti, "Iwe, tapatsira sopo uyo." Anapatsira. Kuyambira pamenepo tikugulitsa. Amayi akulandira ndalama panja, iye akutulutsa katundu ndi dzanja limodzi. Mitengo waidziwa kale. Makasitomala achuluka kuposa kale, ena akugula mchere ali nawo kunyumba, kungofuna amuone. Amutukwana, amulavulira, kenako n'kumati, "Machesi amodzi." Mnyamata wina wa njinga anamuuza kuti machesi amenewa ndi omuwotchera iye yemwe. Iye anapatsira n'kunena kuti zikomo.

Chitini chodzithandiziramo akutaya ndi Amayi. Mkazi wa munthu amene anamumenya. Ndikawafunsa akuti, "Nanga ataya ndani?"

Madzulo aliwonse pa kontena pamakhala khoti. Wabucha akuti moto. Amalume akuti lamulo. Mayi wa tomato akuti amudule dzanja linalo azipita. Telala akuti agwire ntchito kwa ife mpaka Abambo achire, ndiye Wabucha anamufunsa kuti akapanda kuchira agwira mpaka liti, Telala anayamba kufunafuna tepi yake. Iye zonsezi akumva ali mkatimo. Dzulo anayankhako, akuti iye wasankha ya Amalume. Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Inenso ndinaseka, kenako ndinakalira kuseri kwa chimbudzi.

Ndi munthu wamkulu ndithu, wa imvi pang'ono, si wa kuno. Akuti sankafuna kumenya kwambiri. Ndinamufunsa kuti kumenya pang'ono ndi chitsulo kumakhala bwanji. Dzanja lija latupa ngati buledi ndipo layamba kununkha.

Wabucha wanena poyera kuti Abambo akangotisiya, makina ako sawadikira, athira petulo pa kawindo. Katundu ndi kontena zipse, akuti anthu adzasonkha. Lachinayi lako lija ndi kutali. Kapena ukuchedwa dala kuti afere momwemo? Ngati ndi choncho undiuze, ndisiye kuyang'ana kumsewu.

Mlongo wako.


8 Okutobala

Kwa mphwanga wokondedwa,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli wamphamvu. Ine ndili bwino, kupatula miyendo.

Ndalemba pa mfundo imodzi. Kalata yako ya tayala ija tsopano ili m'thumba mwa Wabucha, akuiwerenga pa siteji ya basi ngati vesi. Anyamata akuti walamula ndiwe, ndipo ukuchedwa chifukwa ukusonkhanitsa petulo wa m'tauni, ngati kuti wa kumeneko amayaka mosiyana.

Ine ntchito ya ulonda ndaigwira mpaka kukalamba nayo. Akuba ndawagwirapo, wina anandithyola nthiti. Sindiwakonda. Koma munthu akapsa pakhomo pa mlamu wanga, apolisi amene lero alibe galimoto mawa lake aipeza, ndipo ayamba ndi amene analemba kalata. Komanso lero tiwotcha amene tamugwira, mawa tiwotcha amene tamuganizira. Ndinazionapo.

Ukabwera usatsegule ndisanaitane apolisi. Ngati ulibe mtima woima pamaso pa anzako a njinga, usabwere n'komwe, tuma munthu wina. Pakamwa pako ndipadziwa, mawondo ako sindiwadziwa.

Amalume ako.


9 Okutobala

Achemwali,

Makalata awiri afika pamodzi, yanu ndi ya Amalume. Inu mukuti ndikuchedwa kuti afe, Amalume akuti ndine wamantha, Wabucha akuti ndikugula petulo. Anthu inu, ine ndikuwotcherera mawindo a sukulu, maso ali psu. Muwauze Amalume kuti mawondo ndili nawo awiri ndipo ndi atsopano kuposa awo.

Abambo ali bwanji? Za chala zija ndazikonda. Adokotala asiyeni, chimenecho ndi chizindikiro.

Nkhani ya Amayi ndi wantchito wawo watsopano ndawerengera anzanga, aseka mpaka abwana kuzimitsa makina. Akuti kani kwanu ukaba amakulemba ntchito, ife tikuvutikiranji. Inenso ndinaseka. Koma nditafika pa chitini paja ndinalumpha, sindinawerenge mokweza.

Ndikuuzeni zoona, mutu wanga sukuyenda. Ndikaganiza Abambo ali pansi, tiyi atatayika, ndimafuna ndimudule ndi gilayinda pang'onopang'ono kuyambira kuzala. Ndikaganiza machesi aja ndi zikomo wakeyo, chakudya sichikulowa. Munandiuziranji kuti ali ndi imvi? Ine m'mutu mwanga ndinamupatsa nkhope ya wa tayi uja, zinali zosavuta.

Ndafunsa Madala wopaka penti kuti atakhala iye angatani. Wandifunsa ngati ndinamvapo fungo la munthu akupsa. Ndati ine ndimadziwotcha tsiku ndi tsiku. Akuti chulukitsa, ndiye uwonjezerepo mawu ake akukuwa. Kenako akuti komabe akanakhala bambo ake, sakudziwa. Nkhalamba imeneyi ukaifunsa njira imaloza mbali zonse.

Ndiye funso langa ndi ili. Chitseko chija panopa chikumutsekera kapena chikumuteteza? Ndikatsegula ndamupereka kwa Wabucha. Ndikapanda kutsegula dzanja limupha. Kusukulu za chonchi sankaphunzitsa, kapena anaphunzitsa ine nditachoka kale.

Mawa ndikwera ndi jenereta, gilayinda, ndi makina owotcherera oti ndikonzere chitseko ndikadula. Abwana akuti chikasowa chimodzi ndisabwerenso. Inu kwenikweni mukufuna chiyani, Achemwali? Mundiuze ndikafika, munakhoma ndinu.

Chitsiriza.


9 Okutobala

Mwana wanga,

Ndine mayi ako. Mlongo wako kulibe ndiye ndalemba ndekha, uwerenge mofatsa.

Bambo ako awatengera ku chipatala chachikulu cha kwanuko masana ano, akuti m'mutu muli magazi. Wapita nawo ndi mlongo wako. Ine ndimafuna kupita, mwamuna ndi wanga, koma ndikachoka pa mpando wa pa kawindo pano anthu awa athira petulo. Ndiye ndatsala kulondera munthu amene wandipweteka, mwamuna wanga akupita ndi mwana. Usandifunse ngati zili bwino.

Anthu akuti ndamukhululukira. Sindinamukhululukire. Ndikamamupatsa madzi sindimuyang'ana. Koma kontena iyi tinaigula ndi bambo ako titagulitsa zonse, akadzuka adzafunsa. Komanso sindifuna mwana wanga akhale munthu amene anatsegulira moto. Ukadzakwatira mkazi wako adzamva.

Munthuyu kuyambira dzulo sakuima. Thupi latentha, akuitana anthu a kwawo. Ndasiya kugulitsa.

Bwera. Udye kaye usanakwere. Pakamwa pako usiye komweko.

Mayi ako.


10 Okutobala

Achemwali,

Tasemphana. Abambo ali bwanji kumeneko? Inu pogona mwapeza? Kalata ya Amayi kondakitala wandipatsa basi itatuluka kale m'tauni. Ndinafuna kudumpha pa windo ndidzawaone Abambo, koma jenereta ya abwana inali pamwamba. Yanga ya dzulo ndaipeza kwa Amayi yosatsegula, ndiye funso langa lija simunaliyankhe. Ndaliyankha ndekha ndipo sindikudziwa ngati ndakhoza.

Pepala ili ndang'amba m'kope la pa shelefu yachiwiri. Eya. Ndikulemba ndili mkati.

Ndimvereni kaye. Nditatsika basi anyamata a njinga anandinyamulira jenereta ngati ndine mkwati. Wabucha anandikumbatira, akununkha mbuzi, akuti wafika mwini nkhani. Tayala linali kale pambali pa chitseko, chigubu cha petulo pamwamba pake. Amalume anathamangira kupolisi ndi miyendo yawo ija, anabwera ndi yankho loti galimoto ikadali kugalaja, tidikire Loweruka. Wabucha akuti Loweruka ndi tsiku la nyama, iye alibe nthawi.

Ndinasuzumira pa kawindo. Zoti ndimuuze ndinali nditakonza kale, mawu abwino kwambiri, ndinawayeserera m'basi monse. Fungo linandibweza. Anali gone pa matumba a mpunga, anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Ndinu amisiri?" Ndinati eya. Akuti, "Chitseko munapanga bwino." Tsopano munthu wotere umayambira pati kumutukwana?

Ndinauza gulu kuti lifutukire kutali ndi petulo wawoyo, moto wa gilayinda ukathetheka tipsa tonse. Anamvera. Ndinadula bowo m'munsi mwa chitseko, longokwana munthu wokwawa. Ndinati loko ameneyu amadulidwa chamkati, ndilowe ndi zida, Amalume andipatsire zingwe pa kawindo. Ndinalowa, ndinakoka chitsulo ndinadulacho, ndinachibwezera pamalo pake n'kuwotcherera. Anthu akumva phokoso, akuona kuwala, akuti ntchito ikuyenda. Anazindikira ndi Telala. Akuti, "Koma ameneyu akusoka, sakung'amba."

Zimene anatukwana sindilemba, pepala ndi logulitsa. Wabucha anafika pa kawindo ndi kalata yanga ija, akundiwerengera mawu anga omwe. Ndinamuuza kuti ine ndi wosaphunzira, asamakhulupirire zolemba zanga. Akuti athira petulo. Amayi anangosendeza mpando wawo n'kunena kuti, "Thira, muli mwana wanga." Anachoka, koma tayala walisiya.

Musaganize kuti ndasanduka m'busa. Nditangomaliza kuwotcherera ndinamupatsa khofi limodzi la Abambo. Silinandikomere, zinali ngati kumenya thumba lonyowa. Kenako ndinamutsuka dzanja ndi madzi amchere, Amayi akundilangiza pa kawindo. Zala zina zada bii. Chitseko changa chimenecho.

Muno mukutentha ngati mu uvuni ndipo mnzangayu amabuula. Ndamufunsa chifukwa chake anachita zimenezi, akuti njala. Ndati tonse tili ndi njala, bwanji sitinyamula zitsulo? Akuti eya. Ndamufunsa kuti akanakhala bambo ake amenyedwa, wakubayo akanamutani. Akuti akanamupha. Ndiye ndati nanga ine ndikutani muno? Akuti nayenso akudabwa. Mwaonatu, ngakhale mwini wake sakundithandiza.

Jenereta Amalume aitsekera kwawo. Loweruka apolisi akafika ailiza, ine ndidula. Inu muli pafupi ndi ofesi yawo yaikulu, pitani mukawakumbutse, mulire ngati n'kotheka, mumatha. Muwauze Abambo kuti kontena ili bwino, mukugona alonda awiri. Mabisiketi ndikudya ndine, musadzanamizire wakubayu.

Chitsiriza.


11 Okutobala

Chitsiriza,

Kalatayi uwerenge wekha, chamumtima, utafulatira kawindo.

Abambo atisiya lero masana. Sanadzuke. Ndinali nditawagwira dzanja.

Sindinauze munthu aliyense wa kwathu. Kondakitala sakudziwa, Amalume sakudziwa. Amayi usawauze. Akalira pa mpando paja msika wonse umva, ndipo Wabucha safunsa kuti mkati muli angati. Iwenso usalire mokweza. Luma malaya.

Ndapita kwa apolisi kuno, ndawauza kuti tsopano ndi mlandu wakupha. Atamva choncho galimoto yapezeka. Akuti afika mawa dzuwa lisanalowe.

Usaganize kuti ndikuchitira iyeyo. Ine ndikanakonda atafa. Ndakhala pa benchi pano ndekha, bambo anga awafunditsa kumutu, ndikubisa maliro ngati ndaba, chifukwa cha iwe ndi uchitsiru wakowo. Kaya ndi uchitsiru, kaya n'chiyani.

Nyundo uli nayo mkatimo, ndikudziwa. Chochita sindikuuza. Ine ndinakhoma, iwe watsekanso, zotsalazo ndi zako.

Mlongo wako.


12 Okutobala

Achemwali,

Kalata inafika masana. Amayi anandipatsira okha pa kawindo, akufunsa kuti, "Akuti bwanji?" Ndinati akuti chimodzimodzi. Amayi ndawanamizapo kambirimbiri, koma bodza ili landiwotcha lilime.

Ndinakakhala kuseri kwa makatoni, malaya mkamwa monga munanenera. Iye anandiona. Anazindikira. Anakankha nyundo ndi phazi mpaka inafika pamene ndinakhala, n'kutembenukira kukhoma.

Ndinaigwira, Achemwali. Nthawi yaitali ndithu. Panja Amayi akuuza kasitomala kuti sitikugulitsa, adzabwere bambo akachira. Chimene chinandiletsa sindikuchidziwa bwinobwino. Si chifundo. Mwina ndinangoona kuti ndikamenya, Amayi amva phokosolo n'kudziwa.

Galimoto inafika dzuwa litapendeka. Amalume analiza jenereta, ndinadula pomwe ndinasoka paja, ndinamukoka miyendo chifukwa kukwawa samatha. Miyala inaponyedwa, wina unandipeza ine paphewa. Apita naye, akuti ayambira kuchipatala. Kaya akafera kundende, kaya akamudula dzanja, kaya adzatuluka n'kudzamenyanso bambo a wina, sindikudziwa. Wabucha wandilavulira pamapazi. Mwina akulondola ndi iyeyo.

Apolisi anawanong'oneza Amalume za malirowa pokwera galimoto. Ndawapempha Amalumewo kuti Amayi ndiwauze ndekha. Loko ndadula, chitseko chatseguka, panopa Amayi ali mkatimo akukolopa ndi sopo, akuti bambo ako asadzapeze fungo.

Tibwera ndi basi yam'mawa, ndiye kalatayi ndidzakupatsani pamanja. Ndikudziwa kuti sinafunike kulemba. Ndawauza Amayi kuti ndimalize kaye kalata, ndipo ndalemba pang'onopang'ono mmene ndingathere, koma pepala latha.

Ndikupita kukawauza.

Chitsiriza.